Buluu pamwamba, choyera pansi: mafunso ndi mayankho pa kajambulidwe ka jinzi

Jinzi ili paliponse. Wa kabaza waivala, mphunzitsi waivala Loweruka, woimba waivala pa siteji. Ndiye aliyense wojambula anthu, lero kapena mawa akumana nayo basi. Koma ophunzira ambiri akamaliza chithunzi amapeza kuti chatuluka ndi buluku la buluu chabe. Mtundu ulipo, miyendo ilipo, koma jinzi palibe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa oyamba kumene, kaya akugwiritsa ntchito pensulo, bolopeni, penti kapena foni.

N'chifukwa chiyani jinzi imavuta kujambula kuposa nsalu zina?

Chifukwa si nsalu ya mtundu umodzi. Tengani jinzi yanu muitembenuze. Kunja ndi yabuluu, mkati ndi yotuwa moyererako. Gwero lake ndi kawombedwe. Ulusi wotsika m'litali mwa mwendo ndi umene amaunyika mu utoto wa indigo, pomwe ulusi wopingasa amausiya woyera. Powomba, ulusi wabuluu umadumpha timizere titatu ta ulusi woyera n'kulowa pansi pa kamodzi, n'kudumphanso titatu. Choncho kunjaku, pa magawo anayi alionse, atatu ndi buluu ndipo limodzi ndi timadontho toyera tosuzumira pakati.

China n'chakuti indigo salowerera mu ulusi. Kufakitale amanyika ulusi mu utoto, kuutulutsa kuti uwombedwe mphepo, kuunyikanso, mobwerezabwereza. Potuluka umakhala wobiriwira ngati masamba, n'kusanduka buluu ukakumana ndi mpweya. Utotowo umangokuta kunja kwa ulusi, mkati mwake n'kukhalabe moyera. Ndiye paliponse pamene nsalu yakhulidwa, pa bondo, pa ntchafu, m'mphepete mwa thumba, buluu amachoka ndipo choyera chimatulukira.

Mfundo yofunika kuigwira ndi imeneyi: choyera chili pansi, buluu ali pamwamba. Njira zonse zojambulira jinzi zimagawika pawiri. Zina zimasunga kuyera kwa pepala, zina zimabwezera choyeracho pamwamba ntchito ikamatha.

Kodi ndijambule ulusi uliwonse?

Ayi. Funso loyamba n'lakuti: munthu wovala jinziyo ali patali bwanji? Ngati mukujambula munthu yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso saona ulusi ngakhale umodzi. Amangoona malo akuda, malo osuluka ndi misoko. Mukayamba kulemba timizere pa buluku lonse, chithunzi chimaoneka ngati munthuyo wavala thumba la chimanga. Ulusi umafunika pamene mwayandikira, monga pojambula dzanja lili m'thumba kapena bondo lokha. Ngakhale apo, onetsani kawombedwe m'malo awiri kapena atatu, makamaka pamene kuwala kukukumana ndi mthunzi. Kwinako woonera amamalizitsa yekha m'maganizo mwake.

Mukamalemba timizereto, onani kumene tapendekera. Majinzi ambiri, monga a Levi's, timizere take timakwera kuchokera kumanzere pansi kupita kumanja pamwamba. Majinzi a kampani ya Lee anatchuka ndi timizere tokwera molowera kumanzere. Kuwomba kopendekeraku kumachititsa kuti jinzi ikachapidwa mwendo uzipotoka, msoko wa m'mbali n'kumabwera chakutsogolo kwa msongolo. Pofuna kuthana ndi vutoli, kampani ya Wrangler mu 1964 inayamba kugwiritsa ntchito nsalu ya timizere tokhotakhota, tosinthasintha kolowera. Kwa wojambula, msoko wopotokawo ndi mphatso. Ukaoneka pa chithunzi, aliyense amadziwa kuti jinziyi yachapidwa kambirimbiri.

Ngati mulibe mtundu wa buluu, n'chiyani chimauza munthu kuti iyi ndi jinzi?

Kasokedwe. Jinzi inayamba ngati chovala cha ntchito zolemetsa, ndipo zizindikiro zake zonse zinabwera pofuna kuilimbitsa. Telala wina wa ku Reno, m'chigawo cha Nevada, dzina lake Jacob Davis, anayamba kukhoma timisomali ta mkuwa m'makona a matumba kuti asamang'ambike. Anagwirizana ndi wamalonda wa ku San Francisco, Levi Strauss, ndipo pa 20 May 1873 boma la America linawapatsa chiphaso cha umwini wa nzeruyi. Kathumba kakang'ono ka mkati mwa thumba lakumanja kanali koikamo wotchi. Pa majinzi a Levi's, tizingwe tolowetsamo lamba tinabwera mu 1922. Timisomali ta matumba akumbuyo tinkakanda mipando ndi zishalo za akavalo, choncho mu 1937 anatibisa mkati mwa nsalu, ndipo mu 1966 anatichotsa n'kuikapo msoko wothinana.

Ndiye pojambula, samalani izi: matumba okhota akutsogolo, msoko wokhota ngati mbedza wozungulira zipi, kansalu kooneka ngati V pamwamba pa matumba akumbuyo, tizingwe ta lamba, ndi ulusi wachikasu chofiirira wosokedwa mizere iwiri yoyendera limodzi. Musalembe ulusiwu ngati mzere umodzi wosaduka. Ndi timizere tifupitifupi, ndipo timabisala msoko ukalowa m'khwinya.

Chinsinsi chachikulu chili m'mbali mwa misoko. Pamene nsalu yapindidwa kangapo n'kusokedwa, pamatukumuka, ndipo ikachapidwa pamachita timapiri ndi timaenje. Timapiri timasuluka, timaenje timasunga buluu wakuda. Yang'anani mpendero wa m'munsi mwa mwendo, muona kuwala, kuda, kuwala, kuda, motsatizana koma mosalingana. Mukajambula bwino zimenezi pa mpendero ndi pa thumba, ngakhale ndi pensulo yakuda yokha, jinzi yaoneka kale.

Makwinya a jinzi amasiyana bwanji ndi a chitenje kapena malaya?

Chitenje n'chofewa, chimagwa motsatira thupi ndipo makwinya ake ndi aatali, ozungulira bwino. Jinzi ndi yolemera ndi yolimba. Sipinda mwaulemu, imathyoka. Makwinya ake ndi ochepa, aakulu, okhala ndi makona. Wophunzira amene wazolowera nsalu zofewa amalemba mizere yambiri yoyenda ngati madzi, buluku n'kuoneka ngati la silika. Chepetsani mizere, ndipo iliyonse ikhale ndi pothyokera.

George Bridgman, amene anaphunzitsa zojambulajambula kwa zaka zambiri ku Art Students League ku New York, anagawa makwinya a nsalu m'mitundu isanu ndi iwiri. Pa jinzi, itatu ndi imene mukumane nayo kwambiri. Woyamba ndi wokhotakhota, wopita uku ndi uku, umene umapezeka kuseri kwa bondo ndi pa akakolo pamene nsalu yaunjikana pamwamba pa nsapato. Wachiwiri ndi umene umabwera munthu akapinda bondo, nsalu n'kulowa pansi pa inzake. Wachitatu ndi wozungulira, wa pa mkono wa jekete.

Khwinya lililonse lili ndi kochokera. Limayambira pamene thupi likukoka nsalu: pa bondo, pa chiuno, pamphechepeche pa miyendo, pa matako munthu akakhala pansi. Choncho yambani ndi kujambula mwendo wopanda chovala ndi mizere yopepuka, kenako muuveke.

Chosangalatsa n'chakuti jinzi imapinda malo omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo nsonga za makwinyawo zimasuluka. Pamwamba pa ntchafu pamatuluka mizere yoyera yotambasuka kuchokera pa zipi. Kuseri kwa bondo kumatuluka timabokosi tooneka ngati zisa za njuchi. Pa thumba pamadindika maonekedwe a foni kapena chikwama. Munthu wopalasa njinga tsiku lonse jinzi yake imatha kumbuyo ndi mkati mwa ntchafu. Ya makanika imathera m'maondo. Mukajambula malo osulukawa molondola, mwafotokoza ntchito ya munthuyo osalemba liwu.

Ndili ndi pensulo yokha. Ndiyambire pati?

Pensulo ndi mphunzitsi wabwino kuposa penti, chifukwa imakukakamizani kuona kuda ndi kuwala popanda kunyengedwa ndi mtundu. Sankhani pepala lokhakhala pang'ono, osati losalala la fotokope. Lembani maonekedwe a buluku ndi misoko mopepuka ndi pensulo ya HB. Kenako gonekani pensulo ya 2B chammbali, muipake mopepuka pa buluku lonse kupatula malo osuluka. Pepala lokhakhala lili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo pensulo yogonekedwa simalowa m'menemo. Timadontho toyera timene timatsala ndi timene timaimira ulusi woyera uja.

Apa ndi pamene ambiri amaononga ntchito. Amatenga chala n'kufikisa kuti pasalale. Timadontho tija timatsekeka, jinzi n'kusanduka chikopa. Ngati mukufuna kufikisa, fikisani m'mithunzi yakuya yokha.

Onjezerani kuda pang'onopang'ono ndi 4B, mukuyendetsa dzanja mopendekera kumene timizere ta nsalu tikulowera. Mkati mwa makwinya ndi pansi pa tizingwe ta lamba ikani 6B, koma musakanikize kwambiri chifukwa pensulo yofewa ikakanikizidwa imanyezimira. Pomaliza dulani chofufutira ndi lezala kuti chikhale ndi nsonga, muchotse timalo toyera m'mbali mwa misoko ndi pansonga za makwinya.

Makala amagwira ntchito mosiyana. Amada msanga ndipo sanyezimira, ndiye ndi abwino pa zithunzi zazikulu ndi pa jinzi yatsopano yakuda bii. Pakani makala pa buluku lonse, kenako jambulani kuwala ndi chofufutira. Makala a nkhuni zofewa ochokera pa mbaula amatha kugwira ntchito, bola muwayese kaye pa pepala lina chifukwa ena amakanda.

Nanga bolopeni ndi inki?

Bolopeni ya buluu ili ngati inapangidwira ntchito imeneyi, ndipo ili m'thumba la mwana wa sukulu aliyense. Wojambula wa ku Spain, Juan Francisco Casas, anatchuka ndi zithunzi zikuluzikulu zooneka ngati zojambulidwa ndi kamera, koma zonse ndi bolopeni ya buluu ya Bic. Chimene chimatheketsa zimenezi n'chakuti bolopeni imamvera dzanja. Mukaigwira mopepuka imalemba mzere wotuwa, mukakanikiza imalemba wakuda.

Vuto ndi limodzi: inki sifufutika. Malo oyera muyenera kuwasankha musanayambe, n'kuwazungulira ndi pensulo yopepuka. Lembani timizere topendekera, toyandikana, mopepuka kwambiri. M'malo akuda bwerezani kachiwiri ndi kachitatu, mukusintha pang'ono kopendekera. Khalani ndi kapepala pambali kopukutira nsonga pafupipafupi, chifukwa inki imaunjikana n'kudontha pamene simukufuna. Kapepala kena ikani pansi pa dzanja kuti thukuta lisafalitse inki. Ntchito yake ndi yochedwa, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ojambula makatuni ndi inki yakuda amachita mwachidule. Amalemba misoko ndi timizere todukaduka, makwinya atatu kapena anayi okhala ndi makona, n'kuwaza timadontho pa ntchafu. Ena amanyika mswachi wakale mu inki n'kuupala ndi chala kuti timadontho tiwazike, atatchinga kaye malo ena ndi pepala.

Penti wa madzi amandithawa. Ndingamugwire bwanji?

Penti wa madzi ndi amene amafanana kwambiri ndi jinzi yeniyeni, chifukwa naye ndi mtundu wopyapyala wokhala pamwamba pa choyera. Pezani pepala lokhuthala, la magalamu 300, lokhakhala. Pepala lopyapyala limafufuma likanyowa.

Yambani ndi buluu wosungunula kwambiri, wofanana ndi malo osuluka kwambiri pa jinziyo, mupake paliponse. Asanaume, tengani kansalu kouma kapena tishu muponde pa ntchafu ndi pa bondo kuti penti achepe. Malire a malo osuluka ayenera kukhala ofewa, chifukwa nsalu simasuluka ndi mzere. Dikirani paume gwa. Pakani kachiwiri buluu woderako m'mbali mwa mwendo ndi m'makwinya. Kumbukirani kuti penti wa madzi akauma amawalirako, choncho musachite mantha ndi kuda kumene mukuona akadali konyowa.

Kenako pamabwera njira yofunika kuposa zonse, ya burashi youma. Nyikani burashi mu penti wokhuthala, muipukute pa nsalu mpaka itatsala pang'ono kuuma, mutambasule ubweya wake ndi zala, muikoke mofulumira pa pepala louma. Penti amangogwira pansonga za pepala n'kusiya timadontho toyera. Kokani motsika ndi mwendo, chifukwa jinzi yakale imasuluka ndi timizere totsika, motsatira ulusi wabuluu uja.

Pali tinjira tina tothandiza. Musanayambe kupaka, khudzitsani kandulo yoyera mopepuka pa malo ofunika kuwala, penti sadzagwira pa phulapo. Ntchito ikauma, palani ndi lezala kapena sandipepala wosalala kuti mutulutse mphonje ndi m'mphepete mwa matumba. Ulusi wachikasu uikeni pomaliza ndi penti wokhuthala wa gouache kapena pensulo ya mtundu, chifukwa chikasu cha madzi chikakhala pa buluu chimasanduka chobiriwira.

Pa mitundu yonse ya buluu, woyenera ndi uti?

Palibe chubu chimodzi chimene chingakupatseni jinzi. Buluu wa m'chubu ndi wowala kwambiri, pomwe wa jinzi ndi wothimbirira, wotsamira ku kutuwa. Indigo weniweni ankachokera ku zomera, ndipo India ndi imene inkalima wambiri. Katswiri wa ku Germany, Adolf von Baeyer, anapeza njira yomupangira mu labotale, ndipo kampani ya BASF inayamba kumugulitsa mu 1897. Koma penti wolembedwa kuti indigo amene mungagule lero nthawi zambiri ndi wosakaniza wa buluu wina ndi wakuda, chifukwa indigo weniweni amasuluka pa dzuwa. Pentiyu ndi wabwino pa jinzi yatsopano ndi m'mithunzi, koma akakhala yekha amazizira.

Ultramarine amatsamira pang'ono ku pepo, ndipo mu penti wa madzi timibulu take timakhazikika m'timaenje ta pepala n'kupanga mawangamawanga okha, zimene jinzi imafuna. Prussian blue, amene anapezeka ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndi wakuda wotsamira ku kubiriwira. Iyeyu ndi phthalo blue amalowerera m'pepala ndipo savuta kupaka koma amavuta kuchotsa, ndiye musawaike pamene mukufuna kudzawalitsa. Jinzi yosuluka kwambiri imafuna cerulean kapena cobalt wosungunula.

Pofuna kuthimbiritsa buluu, musathamangire wakuda. Donthezani pang'ono burnt sienna kapena burnt umber, mitundu yofiirira ngati dothi. Ultramarine ndi burnt umber akasakanizidwa amapereka kuda kwamoyo koposa kwa penti wakuda. Onaninso kuti malo osuluka sakhala oyera mbee. Jinzi yoyenda m'misewu ya fumbi la katondo imafiirira m'maondo ndi mumpendero, ndipo kachikasu kapena kofiirira kochepa pamalo amenewa kamapereka moyo ku chithunzi chonse.

Mapensulo amitundu, chekeni ndi pasitelo zingathe?

Zingathe bwino, ndipo pano pali njira yachidule. Ikani chidutswa cha jinzi yeniyeni patebulo, pamwamba pake muikepo pepala lopyapyala, mupake ndi pensulo ya buluu yogonekedwa. Timizere ta nsalu timadindika tokha pa pepala. Wojambula Max Ernst anatchukitsa njira yopaka pamwamba pa zinthu zokhakhala mu 1925, atayamba ndi matabwa a pansi m'nyumba. Chenjezo lake n'lakuti muzitembenuza nsaluyo pansi pa pepala nthawi iliyonse mwendo kapena khwinya likasintha kolowera. Mukapanda kutero timizere tonse tiloza mbali imodzi, buluku n'kuoneka lophwathalala.

Ndi mapensulo amitundu, sanjikizani mitundu itatu mopepuka: wotuwa pansi, buluu wapakati, indigo m'mithunzi. Musakanikize mpaka pepala kutsekeka. Pofuna ulusi woyera, dindani kaye timizere pa pepala ndi bolopeni yotha inki. Mukapaka buluu pamwamba, timizere todindikato timatsala toyera.

Pasitelo amafuna pepala lamtundu kale, labuluu woderako kapena lotuwa. Apa mumayambira pakuda n'kumakwera ku kuwala. Kokani pasitelo wowala chammbali kamodzi kokha, osabwereza, osafikisa.

Nanga akiriliki ndi penti wa mafuta?

Apa dongosolo limatembenuka. Penti ameneyu amabisa za pansi pake, ndiye simusunga choyera, mumachibwezera. Pakani buluku lonse ndi buluu wakuda wa m'mithunzi. Akauma, sakanizani buluu wowalirako, mutenge burashi ya ubweya wolimba, youma, muikhule mopepuka pamwamba kuti wakuda uja azisuzumira. Bwerezani ndi wowala kuposa pamenepo, koma pa malo ochepa. Choyera chenicheni chisungireni mphonje ndi nsonga za misoko.

Akiriliki amauma m'mphindi zochepa, choncho njira imeneyi imayenda msanga, koma akauma amaderako, ndiye sakanizani wowala pang'ono kuposa amene mukufuna. Penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume. Mukafulumira kukhula wowala pa wakuda wosauma, zonse zimasakanikirana n'kukhala phala labuluu. Yambani ndi penti wopyapyala, wokhuthala abwere pamwamba. Ubwino wa penti wa mafuta ndi wakuti akadali wonyowa mungakande ndi chigwiriro cha burashi kuti mutulutse msoko. Ndipo ngati mukujambula pa kanivasi, kawombedwe ka kanivasiyo kamagwira theka la ntchito.

Pa kompyuta kapena pa foni si kungomata chithunzi cha nsalu basi?

Kumata n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake zithunzi zambiri zimaoneka zabodza. Mapulogalamu monga Krita, amene ndi waulere, ibisPaint wa pa foni, ndi Procreate wa pa iPad amalola kuika chithunzi cha nsalu pa layer yapamwamba n'kuisakaniza ndi zojambula zanu kudzera pa Multiply kapena Overlay. Koma nsalu yomatidwa ndi yophwathalala, pomwe mwendo ndi wozungulira. Iduleni m'zigawo monga amachitira telala: kutsogolo kwa mwendo, kumbuyo, thumba, lamba. Chigawo chilichonse chitembenuzeni ndi kuchipinda kuti chitsatire thupi. Chepetsani mphamvu yake mpaka izingooneka munthu akayang'anitsitsa, ndipo ifufuteni m'mithunzi yakuya.

Izi zichitike pomaliza. Ngati makwinya, misoko ndi malo osuluka sizinakhale bwino, palibe layer imene ingapulumutse chithunzicho.

Jinzi yong'ambika ndi zigamba ndizijambule bwanji?

Bwererani ku kawombedwe. Ulusi wabuluu ndi umene uli pamwamba, ndiye ndi umene umayamba kudyeka n'kuduka. Wotsala ndi woyera wopingasa. N'chifukwa chake bowo la pa bondo limakhala ndi tizingwe toyera todutsa chopingasa, osati totsika. Jambulani kaye zimene zili pansi, khungu kapena mdima, kenako tizingweto pamwamba, tina tolimba, tina tolendewera, tina toduka. Kuzungulira bowolo nsalu imasuluka pang'onopang'ono, ndipo m'mphepete mwake mumakhala timphonje tabuluu tifupitifupi. Chigamba chimakhala ndi kamthunzi kake m'mbali, ndipo kawirikawiri buluu wake amasiyana ndi wa buluku.

Luso limeneli ndi lakale kuposa Levi Strauss. Kumpoto kwa Italy, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, kunali wojambula amene dzina lake silinasungidwe, ndipo akatswiri amangomutchula kuti Master of the Blue Jeans. Ankajambula amphawi, amayi osoka ndi ana opemphetsa, atavala nsalu yolimba yabuluu yofanana ndi imene mzinda wa Genoa unkatchuka nayo. Zithunzi zake zinasonkhanitsidwa pa chionetsero ku Galerie Canesso ku Paris mu 2010. Chimene chinachititsa anthu kuizindikira nsaluyo ndi malo ong'ambika, pamene anaonetsa ulusi woyera ukutuluka mu buluu.

Kodi jekete, siketi ndi malaya a jinzi zimajambulidwa mofanana ndi buluku?

Mfundo ndi yomweyo, kulemera kwa nsalu ndi kumene kumasintha. Malaya amasokedwa ndi nsalu yopepuka, ndiye makwinya ake ndi ambiri ndi ang'onoang'ono. Jekete ndi yolimba, imaima payokha osamatirira thupi, ndipo imadziwika ndi misoko yake. Jekete yotchuka ya Levi's ya m'zaka za m'ma 1960 ili ndi misoko iwiriiwiri yotsika kuchokera pa matumba a pachifuwa, yoyandikana ngati V. Kolala, mapeto a manja ndi zigongono ndi zimene zimayamba kusuluka. Siketi imagwa molunjika ngati belu, makwinya ake ali pamwamba pa ntchafu basi. Jinzi yothina ya masiku ano ili ndi ulusi wotamuka pang'ono, choncho imatsatira mwendo, ndipo makwinya ake ndi timizere topyapyala topingasa pa bondo ndi pa chiuno.

Ndiziyeserera bwanji kuti dzanja lizolowere?

Pitani pa kaunjika mugule jinzi yakutha kwambiri, imene ena akuidumpha. Imeneyo ndi imene ili ndi zambiri zokuphunzitsani. Mwendo umodzi uduleni, muusolole ulusi kuti muone nokha woyera ndi wabuluu, ndipo chidutswacho chisungeni kuti muzidindira. Ngati pafupi pali telala, khalani naye kanthawi muone mmene amapindira msoko, chifukwa chimene mwaona chikusokedwa simudzachijambula molakwika. Buluku lotsalalo liikeni pa mpando pafupi ndi zenera kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi. Tsinzinani pang'ono maso, muone zigawo zitatu zokha: chakuda, chapakati ndi chowala.

Musayambe ndi buluku lonse. Sankhani kamalo kolingana ndi chikhatho, monga kona ya thumba pamene pali kamsomali, msoko ndi kusuluka pamodzi. Kajambuleni ndi pensulo, mawa ndi bolopeni, tsiku lina ndi penti wa madzi, kenako akiriliki. Mukaika mapepalawo pamodzi mudzaona kumene dzanja lanu limathamanga ndi kumene limachita mantha, ndipo mudzadziwa chida chimene chikugwirizana nanu. Mukatero pemphani m'bale wanu avale jinzi yake, akhale pansi, aimirire, akwere njinga, inu mukulemba makwinya okha kwa mphindi ziwiri pa kaimidwe kalikonse.

Poyesa ngati mwakhoza, onetsani chithunzi cha pensulo yakuda kwa munthu wosadziwa zojambula, mumufunse kuti wavala chiyani uyu. Akati buluku, bwererani ku misoko ndi malo osuluka. Akati jinzi, yambani kusakaniza buluu.